Hita ya amayi kumudzi: ndigule kapena ndisiye?

Mayi a Tadala, Luchenza:
Abale, ndithandizeni maganizo. Amayi amakhala ndi kamdzukulu kokha kumudzi kwathu cha ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje. Chimwalirireni abambo, kandalama kawo ndi ka nthochi ndi zinanazi basi. Nyumba yakale inagwa ndi namondwe wa Freddy mu 2023, ino tinamanga mothamanga, ya malata, yopanda siling'i. Sabata yatha ndinagona kumeneko chiperoni chitagwira masiku atatu. M'bandakucha ndinawapeza atakhala tsonga pamphasa, afunda zitenje ziwiri, akusisita mawondo, bulangete lokhalo lija afunditsa mwana. Mtima unandiwawa. Ndasunga K80,000 ku banki m'khonde, ndipo magetsi m'nyumbamo alimo. Ndiwagulire hita ya magetsi yotenthetsa m'nyumba?

Achimwene a ku Bvumbwe:
Achemwali, mayunitsi azigula ndani? Tembenuzani hitayo muwerenge kumbuyo kwake, zambiri zimalembedwa 2000W. Ndiye kuti ola limodzi yadya mayunitsi awiri. Akamayatsa maola atatu madzulo aliwonse, pamwezi ndi mayunitsi 180. Munthu amene anazolowera mababu awiri ndi wailesi akaona manambala a pamita akutsika chonchi, mtima sungakhale m'malo. Ine ndinagulira apongozi anga chaka chatha. Anayatsa masiku awiri, lachitatu anaibweza m'katoni mwake, mpaka lero ili pansi pa bedi.

Aphunzitsi a ku Chonde:
Musaiphe msanga hitayo achimwene. Si zonse za 2000W. Zilipo zing'onozing'ono za timachubu tofiira, kachubu kamodzi 400W. Kuyatsa kamodzi kwa ola limodzi m'mawa, pamwezi ndi mayunitsi 12 okha. Amayi anga mawondo amauma m'mawa, akaothera pang'ono ndiye amatha kudzuka n'kukasamba. Kwa ine inathandiza ndithu.

Achimwene a ku Bvumbwe:
Kwa amayi anu nyumba ili ndi siling'i, aphunzitsi. Uku kutentha konse kuthawira kumalata. Nanga usiku umene magetsi azima?

Bambo a Chifundo, Muloza:
Mukuvutikiranji? Ife tinakula ndi mbaula. Thumba limodzi la makala, ayike mbaula m'chipinda pogona, atseke chitseko, kutentha mpaka kucha.

Anamwino opuma, Thyolo boma:
Bambo a Chifundo, chonde mawu amenewa abwezeni, pagulu pano pali ena angatsatire. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide. Sumaoneka, sununkha, ndipo makala akafiira bwinobwino utsi n'kutha, anthu amaganiza kuti zoopsa zatha pamene mpweyawo ukutulukabe. Umayamba ndi mutu kuwawa, chizungulire, nseru, thupi kulefuka. Munthu ali m'tulo sazimva zimenezi, amangopitirira. Pa ntchito yanga miyezi ya Juni ndi Julayi ndinkaiopa chifukwa cha zomwezi, komanso ana opsa atagwera pamoto wootha. Mbaula aothere pakhonde kapena chitseko chili chotsekula, ikakwana nthawi yogona itulutsidwe panja. Ngakhale chitetezo mbaula, yomwe imasunga nkhuni bwino, malo ake ndi kukhitchini. Hita nayo ya timachubu ija ikagundana ndi chitenje kapena neti ya udzudzu, moto sukhalira kubuka. M'nyumba muli mwana, Mayi a Tadala, muganizire pamenepo.

Bambo a Chifundo, Muloza:
Ndamva amayi. Kwathu nyumba inali yaudzu, mphepo inkalowa paliponse, mwina n'chifukwa chake tinapulumuka. Ndabweza.

Anganga a Yamikani, Chitakale:
Mwana wanga, ndawerenga zonsezi koma palibe amene wagwira mawu amene wanena wekha. Wati unawapeza pamphasa. Pansipo ndi pasimenti? Ngati ndi choncho, kuzizira kukuwalowa kuchokera pansi. Simenti ya mu Julayi imayamwa kutentha kwa thupi usiku wonse, ufunde mabulangete atatu pamwamba msana uzizirabe. Ine zaka zanga zapitirira 70, ndakhala moyang'anana ndi phirili moyo wanga wonse, chiperoni ndimachidziwa. Chimabwera ndi nkhungu ndi kamvula kowaza, zovala pachingwe osauma, ngakhale zofunda zimachita chinyezi. Chimene chinandisintha ine ndi matiresi ndi kabedi ka matabwa kamene anandikhomera kalipentala wa pamsika. Kungochoka pansi basi, chifuwa cha chaka ndi chaka chinachepa.
Ndiye ukapita, imirira m'chipindamo masana utatseka chitseko. Paliponse pamene pakulowa kuwala, pakati pa khoma ndi malata, m'mphepete mwa zenera, pansi pa chitseko, ndi pomwe pamalowa mphepo. Pamwambapo mata ndi dothi, pansi pa chitseko ika chiguduli. Siling'i ya mphasa kapena ya nsungwi pachipinda chogona chokha siidya ndalama zambiri. Pogona, madzi ofunda bwino m'botolo lotseka zolimba, kulikulunga m'chitenje, kuika kumapazi. Asakhale owira, khungu la ife okalamba silichedwa kupsa.

Mayi a Tadala, Luchenza:
Anganga, ndi pasimenti ndithu. Matiresi awo ananyowa nthawi ya Freddy mpaka kuwola, ndinkati tigula zinthu zikakhala bwino. Iwo sanadandaulepo ngakhale tsiku limodzi, nane ndinazolowera kuwaona pamphasapo.

Achemwali a ku Limbuli:
Sangadandaule, makolo athu amaopa kutilemetsa. Ndiye langizo langa, ndalamayo musatumize pa Mpamba kapena Airtel Money kuti agule okha. Ikafika m'manja mwawo isanduka ufa, sopo ndi makope a mdzukulu, iwo n'kumagonabe pansi, ndipo simungawadzudzule. Gulani nokha mukatule. Kaunjika wa kuno mumapezeka majuzi aubweya, zipewa ndi masokosi okhuthala, koma Juni akalowa mitengo imakwera, musachedwe. Mabulangete akhale awiri. Mukagula limodzi lipitanso kwa mwana.

Aphunzitsi a ku Chonde:
Pa matiresi sinditsutsa, ayambe ndi amenewo. Koma ndikuumirirabe kuti chaka chamawa, siling'i ikaikidwa, kahita kakang'ono kadzawathandiza m'mawa. Nyamakazi simva bulangete lokha.

Mayi a Tadala, Luchenza:
Zikomo nonse. Hita ndaimika kaye, aphunzitsi, tidzaikambanso siling'i ikatheka. Loweruka ndilawirira kukafunsa mitengo ya matiresi ndi mabulangete awiri, yotsalayo ndione ngati ingakwane kabedi. Mlongo wanga ndamuimbira, wavomera kubwera Lamulungu kudzamata mipata ya kumalata. Anganga, kalipentala wanu uja akadalipo pa Chitakale? Mundilozere kumbali, ndidzadutsa konko popita kumudzi.