Kodi tilembe switi kapena siwiti?

Mphunzitsi wa ku Bembeke:
Anzanga, ndithandizeni. Ndimaphunzitsa Sitandade 2 kuno ku Bembeke, m'boma la Dedza. Dzulo pa phunziro la Chichewa ndinawerengera ana chiganizo chakuti "Agogo andigulira maswiti awiri" kuti alembe m'makope. Ambiri alemba "masiwiti", ndipo ndi mmene amatchulira akamagula pa okala ya kuseri kwa sukulu. Makopewo ndikadali nawo, sindinachonge. Mwana amene walemba ndendende zomwe amamva kwa amayi ake ndimuuze kuti walakwa? Zimenezi zikundivuta mumtima. Chinanso, kodi timati switi uyu kapena switi iyi? Nanga chingamu nachonso ndi switi?

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu boma:
Aphunzitsi, mawuwa tinabwereka ku Chingerezi, kwa sweet. Chichewa chikabwereka mawu chimalowetsa lembo la liwu pamene lilime lathu likupunthwa. Nchifukwa chake tili ndi sukulu, sitolo ndi sitima, poti "sk" ndi "st" mulibe m'chiyankhulo chathu. Koma "sw" ndi wathuwathu: kuswa mtedza, kuswera, mswachi. Choncho switi ndi wokwana popanda "i" wapakatiyo, ndipo ine ndinkaphunzitsa choncho. Komabe musawadule malikisi anawo. Khutu lawo latsata njira yomweyo imene inatipatsa sitolo. Alembereni "maswiti" pambali ndi cholembera chofiira, basi.

Mayi wa okala, Lizulu:
Ine zagalamala ndisiyire aphunzitsi, ndinene zapabenchi. Tsiku la msika kuno kumabwera anthu a mbali zonse, a ku Mozambique omwe, poti malire ndi msewu womwewu wa M1. Wina amati "switi imodzi", wina "switi mmodzi", onse ndimawapatsa chinthu chimodzimodzi. Akachuluka aliyense amati maswiti. Koma chingamu ayi, bambo. Mwana akati akufuna switi inu nkumupatsa chingamu, akubwezerani. Switi timamumunya mpaka asungunuke, chingamu timatafuna nkulavula. Bisiketi nayenso ali ndi dzina lake. Wa kamtengo uja yekha ndiye amalowa m'gulu la maswiti.

Namwino wa ku Dedza:
Pepani ndipatuke pang'ono, koma ndi mawu omwewa. Makolo, chonde lekani kunyengerera mwana kumwa mankhwala pomuuza kuti "ndi switi". Mapiritsi ena amakutidwa ndi shuga, ndipo mwana akawapeza pa windo inu muli kudimba amameza ambiri akuyesa maswiti. Mankhwala muziwatchula dzina lake. Akuluakulunso pali mwambi wawo uja wa "switi sadyera m'pepala", umene amakanira kondomu. Mawu okoma kumva amenewo apweteketsa anthu ambiri ndi HIV, ndipo ndikawamva mtima umandiwawa.

Mphunzitsi wa ku Bembeke:
Zikomo nonse. Achikulire a ku Ntcheu, ndichita monga mwanenera, malikisi sindidula. Ndafunsanso amayi anga ndipo akuti iwo ali ana chilichonse chokoma ngati shuga ankangoti chozuna kapena chotsekemera, kaya ndi uchi, nzimbe kapena misinde ya mapira. Lolemba ndiyamba ndi "kuswa", kenako "mswachi", switi abwere pachitatu.