Kodi jujitsu ya ku Japan ndi jiu-jitsu ya ku Brazil zimasiyana pati?

aPhiri, Bembeke

Moni nonse. Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Bembeke, ndipo ndili ndi mnyamata wa zaka 16 amene mtima wake wonse uli pa masewera olimbana. Madzulo alionse iye ndi anzake awiri amayala mphasa kuseri kwa nyumba n'kumayeserera zimene aona pa foni. Sabata yatha mmodzi wa iwo analephera kunyamula khasu masiku atatu chifukwa mnzake anamupindira mkono kumsana mpaka phewa linatupa. Nditawafunsa dzina la masewerawo, wina anati ndi jujitsu ya ku Japan, wina anati ndi ya ku Brazil, ndipo anakangana pamaso panga osagwirizana. Ndikupempha odziwa andifotokozere ngati ziwirizi n'zosiyanadi, komanso ngati ndiwaletse anawa kapena ndingowaikira malire.

aNgozo, Ntcheu

Aphunzitsi, ziwirizi n'zosiyana ngakhale zili zapachibale: ya ku Japan ndi gogo, ya ku Brazil ndi mdzukulu, ndipo pakati pawo pali judo.

Jujitsu ya ku Japan inali luso la nkhondo la asilikali otchedwa samurai. Msilikali lupanga likamupulumuka ankakumana ndi mdani wovala zodzitetezera zachitsulo ndi zachikopa, moti chibakera kapena theche sizinkaphula kanthu. Chimene chinkamupulumutsa ndi kumugwetsa mdaniyo, kumupotokola mkono, n'kumubaya ndi mpeni waufupi pamene chovala sichinaphimbe. Imodzi mwa sukulu zakale kwambiri za lusoli, Takenouchi-ryu, inayamba mu 1532, ndipo m'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, sukulu zotere zinachuluka. Popeza njira zake zambiri n'zolumaza munthu, ophunzira sangazichite ndi mphamvu zonse pa mnzawo, choncho amaphunzira kwambiri mwa kata: awiri amagwirizana kuti uyu aukira motere, uyo ayankha motere, n'kumabwereza mpaka thupi litazolowera. Ndikaona kata ndimakumbukira ngoma yathu kuno ku Ntcheu, pamene abambo agwira chishango ndi chibonga n'kumaponda pansi mwamphamvu. Mayendedwe a ankhondo a makolo akusungidwa ndithu, koma palibe amene akukanthidwa.

Mu 1882 Jigoro Kano, amene anaphunzira jujitsu ya Tenjin Shinyo-ryu ndi ya Kito-ryu, anatsegula sukulu ya Kodokan ku Tokyo, kumene kunayambira judo. Iye anapatula njira zoopsa kwambiri kuti zotsalazo anthu azilimbana nazo zenizeni, aliyense akukana kugwa, ndipo kulimbana kotere amakutcha randori. Katswiri wina wa ku Kodokan, Mitsuyo Maeda, anafika ku Brazil mu 1914 n'kukhazikika mumzinda wa Belém, ndipo kuchokera ku chiphunzitso chake Carlos Gracie ndi mng'ono wake Helio anakulitsa mbali ya kulimbirana pansi ku Rio de Janeiro. Kusiyana kwakukulu kuli pa kaphunziridwe: ya ku Japan ili ndi njira zambiri, zoimirira, zomenya ngakhale za zida, pamene ya ku Brazil inasankha zochepa n'kumaziyesa tsiku lililonse pa munthu amene sakufuna kugonja.

NaBanda, Dedza Boma

Bambo Phiri, ine ndinaphunzira ya ku Brazil zaka zitatu pamene ndinkagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ndinabwerako ndi lamba wabuluu. Tsiku langa loyamba anandipatsa mtsikana wochepa thupi kuposa ine, amene ndinkaona ngati ndikhoza kumunyamula ngati thumba la kachewere losadzaza. Pasanathe mphindi imodzi ndinali chagada, iye atandikhalira pamimba, mawondo ake atandipana m'nthiti, ndipo ndikamukankha ndi manja m'pamene ankaugwira mkonowo n'kuuwongola pakati pa miyendo yake. Sanagwiritse ntchito mphamvu zambiri, koma ankadziwa poika kulemera kwa thupi lake. Ndinatuluka m'chipindamo manja akunjenjemera, ndikulephera kumanga zingwe za nsapato.

M'masewerawa mulibe zibakera kapena matheche. Pa mpikisano munthu amapeza mapointi 2 akagwetsa mnzake, 3 akadutsa miyendo ya wogona chagada amene akudzitchinjiriza nayo, ndi 4 akamukhalira pamimba kapena kumugwira chakumsana, koma chimene aliyense amafuna ndi kumugonjetsa mnzake pomupinda mkono kapena pomukanyanga pakhosi mpaka avomere. Malamba a akuluakulu ndi asanu, woyera, wabuluu, wapepo, wabulauni ndi wakuda, ndipo ambiri zimawatengera zaka pafupifupi khumi kuti afike pa wakuda.

Zimene zinamuchitikira mnyamata wa phewayo zikundimvekera ngati njira yotchedwa kimura. Dzinali linachokera kwa Masahiko Kimura, katswiri wa judo amene anagonjetsa nayo Helio Gracie pa bwalo la Maracanã mu 1951. Helio anakana kuvomera kugonja mpaka mkulu wake anaponya thaulo, ndipo kuuma mtima kumeneko n'kumene anyamata sayenera kutengera. Lamulo loyamba limene tinaphunzitsidwa ndi lakuti ukamva kupweteka umamenya mnzako ndi chikhatho kawiri kapena katatu, ndipo iye amasiya nthawi yomweyo popanda kufunsa. Wopinda mkono naye amapinda pang'onopang'ono kuti mnzake apeze mpata wovomera. Zokanyanga pakhosi musawalole n'komwe popanda mphunzitsi, chifukwa munthu amakomoka m'kanthawi kochepa kwambiri magazi akaleka kufika bwino ku ubongo. Awengenso zikhadabo, asambe akamaliza, ndipo amene ali ndi chipere ayambe wachira, pakuti chimafala msanga m'masewera okhudzana khungu.

aJere, Lizulu

Amayi, zonse mwanenazi n'zoona, koma ine monga mlonda wa zaka zambiri ndili ndi nkhawa ndi anyamata amene akukhulupirira kuti kugwera pansi ndiko kupambana. Ambiri amatchula za Royce Gracie wa jiu-jitsu ya ku Brazil, amene mu 1993 anagonjetsa anthu atatu usiku umodzi pa mpikisano woyamba wa UFC, wokumanitsa akatswiri a masewera olimbana osiyanasiyana, ku Denver ku America, ndipo anaonetsadi kuti wodziwa kulimbirana pansi akhoza kugonjetsa munthu wamkulu thupi. Koma kumeneko kunali munthu mmodzi kwa mmodzi, pamalo ofewa, popanda mpeni. Pa msika usiku pansi pamakhala miyala ndi mabotolo osweka, ndipo wakuba sayenda yekha. Ndinaona mnzanga atamugwetsa wakuba n'kumukhalira bwinobwino, koma wachiwiri anatulukira kuseri kwa benchi n'kumumenya theche kumutu. Pamenepa jujitsu ya ku Japan ili ndi nzeru yake, chifukwa imaphunzitsa kudzimasula wina akakugwira dzanja kapena kolala, kumugwetsa iwe uli chiimire, ndi kusamala dzanja limene lingakhale ndi chida. Ndikuvomereza kuti amene wangochita kata osayesedwapo ndi munthu wokana amadzidzimuka tsiku loyamba. Aphunzitsi, anawo ayambe aphunzira kugwa, chibwano chili pachifuwa, osatsamira dzanja pansi, pakuti mbali imeneyi a ku Japan amaiphunzitsa munthu asanagwetse aliyense.

aPhiri, Bembeke

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndawaitana anyamatawo ndi makolo a mnzawo wovulalayo, ndipo tagwirizana kuti zogwirana pakhosi zatha, lamulo la chikhatho aliloweza pamaso pathu, ndipo mphasa ija tiyala pa udzu wouma wokhuthala m'malo mwa nthaka youma ya kuseri kwa nyumba. Wa phewayo tipita naye kuchipatala Lolemba chifukwa akulepherabe kukweza mkono kupitirira mutu. Mayi NaBanda, ngati mungapeze mpata Loweruka lina, ndingakondwe mutabwera kudzawaonetsa kagwedwe ndi kapindidwe koyenera, ndipo za minibasi ndilipira ine.