Ndimalipira zonse koma ana sandilola kuwatenga, lamulo limati chiyani?

Admin, chonde ndibiseni dzina.

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Banja langa linatha chaka chatha, ankhoswe a mbali zonse anayesetsa koma zinakanika. Mayi a ana anabwerera kwawo ku Mulanje ndi ana athu awiri, mtsikana wa zaka 9 ndi mnyamata wa zaka 4. Ine ndili ku Blantyre, ndimapala matabwa. Ya yunifolomu, ya ufa ndi ya sopo ndimatumiza pa Mpamba mwezi ndi mwezi.

Chikundisowetsa tulo n'choti ndikapitako amandiikira mpando pansi pa mtengo wa mango, malume awo a ana n'kukhala pomwepo mpaka nditsanzike. Kamnyamata kanayamba kubisala kuseri kwa chitenje cha agogo ake, kumandisuzumira ngati munthu wa kalembera. Nditapempha kuti holide ya Disembala anawo adzathere kwa ine, malume anandiyankha kuti kuno ana ndi a kuchikazi, mkamwini sanyamula mbumba ya eni.

Mwambo sindikuunyoza, nanenso ndinakulira kwa amayi anga. Sindikufunanso kulanda ana, mayi awo amawasamala bwino ndithu. Ndikungofuna kuti sukulu aziphunzira komweko, akatsekera azibwera kwa ine, ndiziwaphikira, akadwala usiku ndiziwadzukira. Kodi khoti lingatigawire nthawi chonchi? Ndiyambire kuti, poti ya loya ndilibe?

Mayi wina wa ku Zomba: Pepani achimwene. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalola kholo lomwe silikukhala ndi mwana kupempha kukhoti la ana kuti lizimuona nthawi ndi nthawi. Khoti limayang'ana ubwino wa mwanayo. Limaganiziranso kuti mwana wamng'ono amafunika kukhala ndi mayi ake, kuti ana a bere limodzi asalekanitsidwe, komanso limamva maganizo a mwana. Choncho mukakapempha maholide ndi masiku ena a Loweruka, pempho lanu likamveka bwino kuposa kupempha kuti muwatengeretu. Yambirani ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza anthu osowa ndalama ya loya. Mauthenga a Mpamba aja musafufute.

Bambo wina: Lamulolo likufunika kusinthidwa basi. Lizinena poyera kuti banja likatha makolo onse awiri ali ndi nthawi yawo ndi ana, pokhapokha ngati wina ndi wankhanza. Bwanji bambo azichita kukapempha kuona mwana wake?

Mayi wachikulire: Bambo inu, theka ndi theka zingatheke bwanji wina ali ku Mulanje wina ku Blantyre, mwana ali sitandade 4? Ndiponso alipo abambo amene amakumbuka ana pokhapokha akawasumira za chithandizo. Koma inu mwanangu amene mwafunsa, musanapite kukhoti itanitsaninso ankhoswe, ndipo mulankhule ndi mayi a anawo okha, mwina maganizo a malume si awo. Zomwe mugwirizane zilembedwe, aliyense asayine.

Wofunsa: Zikomo kwambiri amayi. Nambala ya mayi a anawo amayankha ndi malume omwewo. Kodi a Social Welfare angawaitanitse kuti tikakambirane pamaso pawo, kapena mpaka khoti lilembe samani?