Kodi usiwa ndi kusowa chovala kapena kusowa chosinthira?

Akuluakulu, makamaka inu a ku Nkhotakota, ndikupempha kuti mundithandize pa mwambi wakuti "nsalu yobwereka siithetsa usiwa". Phunziro lake ndi lodziwika, lakuti munthu asadalire chinthu cha mwini, koma mawu akuti usiwa ndiwo ndikufuna kuwamvetsa bwino. Ambiri amati usiwa ndi kusoweratu chovala, pamene ine ndikuona ngati makolo ankanenanso za munthu wa nsalu imodzi yokha, amene akaichapa kunyanja ankabisala m'bango kudikira kuti iume pamchenga.

Maganizowa andibwerera chifukwa cha mbiri ya kwathu kuno. Jumbe Salim bin Abdallah, wamalonda wa Chiswahili, atakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, zombo zake zinkabwera ndi merikani, nsalu yoyera yolukidwa ku America, komanso kaniki, yodera ya ku India, ndipo nsaluzi zinkayenda ngati ndalama pogula minyanga ya njovu ngakhalenso anthu, chinthu chowawa kuchikumbukira. Anthu wamba ankavala chiwondo, chosulidwa kuchokera ku khungwa la mitengo monga mombo, chimene sichipirira madzi ngati nsalu. Olemera a m'mudzi wa Jumbe ankavala mikanjo yoyera, ankasamba asanapemphere monga chimafunira Chisilamu, ndipo ankafukiza zovala zawo ndi lubani. Komatu mkanjo sungakhale woyera tsiku ndi tsiku ngati mwini wake alibe wina wovala pa tsiku lochapa, ndiponso ngati alibe womuchapira, ntchito imene m'nyumba zotere inkagwera akapolo.

Funso langa ndi ili: kodi wovala chiwondo ankatchedwa wausiwa nsalu za amalonda zisanafike, kapena mawuwa anayamba kumukhudza pamene anayamba kuyerekezedwa ndi ovala mikanjo?

Yankho lochokera ku Salima:

Bambo, mwafunsa bwino, ndipo pa nkhani ya chosinthira ndikugwirizana nanu. Agogo athu aakazi akanena kuti mwana uyu ali ndi usiwa, sankatanthauza kuti ali maliseche, koma kuti wavala sanza zimene nsabwe zakhazikika m'misoko, ndipo sangazivule kuti ziwiritsidwe popeza alibe china. Pa za chiwondo ndikusiyana nanu pang'ono, chifukwa iwo ankachitchula mwaulemu, ndipo ankati munthu wosamba bwino, wodzola mafuta a nsatsi, atavala chiwondo chatsopano, ankaoneka wolemekezeka pabwalo la mfumu.

Ndiwonjezereko chimodzi chimene mwambiwu umandikumbutsa. Nsalu yobwereka munthu saimenya pamwala pochapa, amangoitsukuluza mosamala poopa kuti ikang'ambika alipira, choncho ngakhale ataivala, ufulu woisamalira monga afunira alibe. Mukafunsenso akuluakulu a ku Linga, kumene kunali mudzi wa Jumbe, ngati kumeneko mawuwa ankawanena pa akapolo amene ankavala nsalu zopatsidwa ndi mbuye wawo.