Nkhalango ya pa msewu wa Kenyatta ija, ndingapiteko ndi ana?

mayi_awiri:
Abale ndithandizeni. Ana atsekera sukulu ndiye m'nyumbamu mtendere mulibe. Tsiku lililonse ndimadutsa pa Lilongwe Wildlife Centre paja pa minibasi kuchoka ku Old Town kupita ku City Centre koma sindinalowemo olo kamodzi. Muli chani kwenikweni? Wamng'onoyu ali ndi zaka 5, akungolira zoti akaone mkango.

mkulu_wa_kwa25:
Za mkango mumuuziretu kuti aiwale mayi, asakalirire komweko. Kunalidi Bella, wa diso limodzi uja anachokera ku Romania, koma anafa. Komanso paja si zoo, ntchito yawo ndi kusamalira nyama zovulala ndi zolandidwa kwa anthu ozigulitsa m'misewu, apusi ndi anyani akachira amakawasiya kutchire ngati ku Kasungu.

chemwali_woyenda:
Ine ndimapitako Loweruka m'mamawa ndipo chimene chimanditengera kumeneko si nyama ayi, ndi bata. Mukangolowa pang'ono tinjira tija mpaka kufika m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi simungakhulupirire kuti muli pakati pa Lilongwe, mitengo italiitali, mthunzi wokhawokha, mbalame zikungoimba, mwina gwape kapena mbawala kudumpha patsogolo panu iwe mtima phaa. Koma nyamazi zimafuna anthu achete, ana akamakuwa ndi kuthamanga muyenda njira yonse osaona kanthu. Mumtsinjemo muli ng'ona zenizeni, mwana mumugwire dzanja asatsikire kumadzi. Valani nsapato zotseka, nthawi ya mvula matope ake si masewera, ine ndinasiyako patapata.

jah_kawale:
Kkkk mwaiwala apusi! Mphwanga anatulutsa nthochi m'thumba, asanasende nkomwe yapita, pusi uyo ali m'mwamba kudya akutiyang'ana. Zakudya zikhale m'chikwama chotseka, ndipo osawapatsa dala, akazolowera amayamba kulanda komanso amaluma. Chimandiwawa ine ndi mitengo ija anadula m'mbali mwa Kenyatta pokulitsa msewu, chakumsewuko magalimoto amamveka ndithu, bata lake ndi la mkatimo.

mayi_awiri:
Zikomo nonse. Nanga afisi amanenedwa aja, tingakumane nawo?

chemwali_woyenda:
Alipodi mu Lilongwe muno koma amayenda usiku, masana amabisala. Inu mukhala mutabwerako kale mukuphika nsima.

mayi_awiri:
Basi tipita Loweruka. Ndamuuza za ng'ona, za mkango wasiya kufunsa.