Ndadina Sort mu Excel, ndalama zobweza zasiyana ndi eni ake

MlembiWaMkhonde:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndine mlembi wa banki mkhonde yathu kuno ku Makawa, tilipo amayi 24, ambiri ogulitsa usipa ndi utaka. Mwana wanga anandisiyira laputopu, ndiye nkhani za ngongole ndimazikopera mu Excel. Mzere woyamba ndimalemba dzina la mayi ndi ndalama yomwe wabwereka. Mizere ya pansi pake ndimangoika deti ndi zomwe wabweza, dzina sindibwerezanso. Dzulo a tcheya anati mayina ayende mwa alifabeti kuti pogawana mu Disembala tisavutike. Ndinadina Sort A to Z. Mayina andandalikadi bwino, koma zobweza zonse zathawira pansi n'kuunjikana ngati usipa pathandala. K15,000 iyi ndi ya ndani, sindikudziwanso.

MnyamataWaNamwera:
Amayi, dinani Ctrl ndi Z limodzi, zibwerera mwakale. Bola musanatseke fayilo.

MlembiWaMkhonde:
Mwana wanga, ndinaseva, kenako magetsi anathima, batire n'kutha. Ndatsegula m'mawa uno zili chomwecho.

MphunzitsiWaMalindi:
Pepani mayi. Vuto ndi lakuti Excel sadziwa zoti mzere wapansi ndi mwana wa wapamwamba. Inu mukuona ndi maso kuti ndi banja limodzi, iye amatenga mzere uliwonse pawokha. Ndipo kabokosi kopanda kanthu amakaponya pansi nthawi zonse, kaya mwasankha A to Z kaya Z to A.

Musataye mtima. Mizere yopanda mainayo imapita pansi osasinthana malo, yomwe inali patsogolo imakhalabe patsogolo. Mukatenga kope la pamsonkhano n'kuyang'ana madeti, muona pomwe zobweza za mayi wina zikuthera ndi pomwe za mnzake zikuyambira. Lembani dzina pamzere uliwonse. Ntchito ya madzulo amodzi imeneyo.

Ngati fayilo yakale ilipo penapake, kaya pa flash kaya munatumizirapo wina pa WhatsApp, njira yachidule ndi iyi. Sankhani column (mndandanda wotsika pansi) ya mayina kuyambira dzina loyamba mpaka mzere womaliza, dinani F5, kenako Special, kenako Blanks. Lembani =, dinani muvi woloza m'mwamba, ndiye Ctrl ndi Enter limodzi. Mipata yonse idzaza ndi dzina la pamwamba pake. Apa ndi pomwe ambiri amagwa: musanapange sort, koperani column yonseyo n'kuimata pomwepo ndi Paste Special, Values. Mukapanda kutero, m'timabokosimo muli formula yongoyang'ana mzere wapamwamba, ndipo mizere ikasuntha mayi wina asenza ngongole ya mnzake. Ine zinandichitikira ndi malikisi a Fomu 2, ndinachita manyazi pamaso pa makolo.

Mukatero pitani pa Data, Sort, sankhani dzina, dinani Add Level n'kusankha deti.

CheMdalaWaMpondasi:
Aphunzitsi anena zoona, koma dzina lokha ine sindilikhulupirira. Kuno m'gulu limodzi mupeza amayi awiri atatu a dzina lofanana, wina mwamulemba ndi Che, wina popanda. Mayi aliyense akhale ndi nambala yake, 1 mpaka 24, ilembedwe pamzere wake uliwonse. Onjezaninso column ina yongowerenga mizere 1, 2, 3 mpaka pansi. Zikasokonekera, sort pa imeneyo, zonse zibwerera momwe zinalili ngakhale mutatseka. Ndipo Excel akakufunsani popanga sort, sankhani Expand the selection, apo ayi column imodzi isuntha yokha n'kusiya ndalama m'mbuyo. Zolumikiza timabokosi ndi Merge muzisiye, sort imakana.

MlembiWaMkhonde:
Zikomo nonse. Fayilo yakale palibe, ndiye ndakhala ndi kope kuyambira masana. Amayi 21 atheka. Atatu otsalawo anabweza tsiku limodzi, aliyense K10,000, koma m'kope mukuoneka awiri okha. Ndikawafunsa Lachisanu pamsonkhano.