Thandizeni, khansa ya pakhungu ya amayi akuti ikufalikira

Abale, ndikulemba ndili ku Chibavi. Amayi anga awapeza ndi khansa ya pakhungu, pano mwanabele watupa m'mphechepeche. Ndikuwadwazika ndekha. Achimwene ali ku Joni, foni sayankha, alamu anga ndiye amangotumiza mavesi. Lendi ya mwezi uno sindinalipire. Mwana wa aneba wandiwerengera pa intaneti kuti khansa imafalikira majini (malangizo achibadwa oyendetsa thupi) ena akazimitsidwa, akuti epigenetics. Kodi chilipo chakudya choyatsanso majiniwo? Tulo sindikuona.

Mlimi wa ku Ekwendeni: FETELEZA NDI MAFUTA OYERETSA KHUNGU! Agogo athu ankadya nkhwani ndi mgaiwa, khansa ankaidziwa? Apatseni moringa m'mawa ndi madzulo.

Namwino wopuma: Pepani achemwali. Koma ndi khansa yanji? Pepala la biopsy (zotsatira za kanyama kamene anadula pachilonda n'kukapima) likuti chiyani? Chilonda chili pati? Melanoma mwa ife anthu akuda imakonda kuphazi, Kaposi imayendera limodzi ndi HIV, ya anzathu achialubino imabwera ndi dzuwa. Chithandizo chake n'chosiyana.

Mayi wa ku Katoto: Malemu bambo anga chinayamba ngati kadontho kakuda kuchidendene. Tinataya miyezi kwa asing'anga, mbuzi zonse zinathera komweko. Achimwene anuwo ali ngati anga ndithu.

Wophunzira wa ku Luwinga: Mwanayo sananame. Mu selo (kachigawo kakang'onong'ono ka thupi) iliyonse muli DNA, yomwe imasunga majini, yotalika pafupifupi mamita 2, yokulungidwa pa mapuloteni otchedwa histone ngati ulusi pa kamtengo. Pomwe yamangika kwambiri jini siwerengeka. Khansa imatseka majini oiletsa kukula monga p16, komanso a E-cadherin amene amamatiriza maselo pamodzi. Akatero maselo amamasuka n'kulowa m'njira zopita ku mwanabele. Koma chakudya chotsegula zimenezi mwa wodwala kale palibe.

Mlimi wa ku Ekwendeni: Za m'mabuku izo iwe mwana. Jini unaiona ndi maso ako? MORINGA.

Wophunzira wa ku Luwinga: Bambo, mutayitsa anthu nthawi.

Mlimi wa ku Ekwendeni: Ana a masiku ano mwano! Ine zaka zanga zonsezi jakisoni sindimudziwa.

Namwino wopuma: Mawa lomwe pitani nawo ku Mzuzu Central ndi buku lawo lachipatala, muwaonetse mwanabeleyo. Funsani ngati akufunika kuwatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kuli chipatala cha khansa. Pachilondapo musathirepo zitsamba.

Mwini funso: Zikomo nonse. Alamu aja aona positiyi, akuti ndawayalutsa pagulu. Moringa wa ufa amagulitsa pati mu Mzuzu muno?

Namwino wopuma: Achemwali, pepala lija likuti chiyani?